Dziko likapanda kuletsa, chotchinga chikondi chichokera kuti?

Buku la Winter's Orbit la Everina Maxwell, mlembi wa ku Britain, litatuluka mu 2021 ku kampani ya Tor, owerenga anagawikana pawiri. Okonda nthano za sayansi anadandaula kuti zamlengalenga zachepamo, mapulaneti angoikidwa mokongoletsa. Okonda nkhani zachikondi anati anthu awiri a m'nkhaniyi, Kiem ndi Jainan, akuchedwetsa zinthu, akanangokhala pansi n'kukambirana bwenzi buku litathera pa mutu wachitatu. Oyambawo ali ndi mfundo. Achiwiriwo aphonya pomwe pagona luso.

Kiem ndi mdzukulu wa wolamulira ufumu wa Iskat, mnyamata wansangala amene agogo akewo samuwerengera. Alamulidwa kukwatirana ndi Jainan wa ku pulaneti ya Thea, yemwe mwamuna wake, Taam, wangomwalira kumene pa ngozi. Taam anali wachibale wa Kiem, ndiye ukwatiwu ukufanana ndi kulowa chokolo, kungoti chimene akuteteza ndi pangano la pakati pa mapulaneti. M'dziko limeneli palibe wodabwa kuti okwatiranawo ndi amuna okhaokha.

Apa ndiye pali ntchito ya mlembi. Nkhani yachikondi imayenda ndi chotchinga, ndipo nkhani za amuna okondana zinkachipeza chokonzakonza: lamulo, makolo, mantha ogwidwa. E. M. Forster analemba Maurice, buku la amuna okondana, cha mu 1913, koma bukulo linadikira mpaka 1971, iye atamwalira. Ukamanga dziko losaletsa, chida chimenecho wachitaya wekha. Uyenera kusula china.

Maxwell anachisula mu mtima mwa Jainan. Taam ankamuzunza, anamudula kwa abale ake a ku Thea, n'kumuzoloweretsa kudziona wolakwa pa chilichonse. Mlembi satiuza zimenezi msanga. Amatilowetsa m'maganizo a Kiem, kenaka a Jainan, mosinthanasintha. Kiem akuona munthu amene akulira maliro, ndiye akumutalikira mwaulemu kuti asamulemetse. Jainan akuona kutalikirako n'kuganiza kuti wakanidwa, kuti walepheranso. Amapepesa pomwe sanalakwe, amapempha chilolezo pa tinthu tomwe munthu wamkulu, katswiri wa zauinjiniya, sayenera kupemphera. Wowerenga amazindikira Kiem asanazindikire, ndipo kuwawa kwa bukuli kuli pa mpata umenewo. Amene akuti awiriwa angolankhulana aiwala kuti Jainan anaphunzitsidwa kuti kulankhula kumaputa chilango. Ndivomere kuti pena Kiem amachedwa kuona zinthu kuposa mmene nzeru zake zikanalolera, ndipo pamenepo dzanja la mlembi limaonekera. Komabe kusamvana kwawoko kuli ndi muzu.

Za odandaula ndi sayansi, nkhani imasintha. Bukuli linayamba kuwerengedwa pa Archive of Our Own, tsamba la pa intaneti pomwe okonda mabuku ndi mafilimu amaikapo nkhani zawo, pa dzina lakuti The Course of Honour, ndipo linatengera khalidwe la kumeneko. Mwambo umenewu ndi wakale ndithu: m'zaka za m'ma 1970 okonda Star Trek, ambiri mwa iwo amayi, ankalemba nkhani zokondanitsa Kirk ndi Spock. Wolemba zotere savutika kumanga dziko chifukwa owerenga amalidziwa kale, mphamvu zonse amaziika pa anthu awiriwo. Koma Iskat palibe amene ankaidziwa. Zilipo zina zosangalatsa, monga kuti anthu amasonyeza ngati ndi amuna, akazi kapena ena ndi zokongoletsa zomwe avala, koma ndale za pangano lija zimamveka zofotokozedwa mothamanga.

Taonani pamene ndege ya Kiem ndi Jainan igwa m'mapiri, iwo n'kuyamba kuyenda pansi m'chipale, kugona mu tenti imodzi. Ursula K. Le Guin anachitanso zotere mu The Left Hand of Darkness mu 1969, pamene Genly Ai ndi Estraven adutsa pa madzi oundana. Kwa Le Guin ulendowo sungasamutsidwe, chifukwa chimene chikumuvuta Genly ndi thupi la anthu a ku Gethen, omwe sakhala amuna kapena akazi nthawi zonse. Kwa Maxwell mutha kuwanyamula awiriwo n'kuwaika pa phiri lililonse lozizira, palibe chingasinthe.

Malo amodzi okha ndi pomwe mbali ziwirizi, sayansi ndi chikondi, zigwirana zolimba. Chakumapeto Jainan amuika m'makina otchedwa Tau field, osokoneza zimene munthu amakumbukira, ndipo akhalanso m'masiku ake ndi Taam. Kiem alowamo kukamutulutsa, n'kuona ndi maso zomwe mnzakeyo analephera kunena ndi pakamwa. Chochitika chimenechi sichingatheke m'buku lachikondi wamba, ndipo Maxwell anachisunga mpaka masamba atatsala ochepa.