Nyimbo ya pa Siwa ndi Chimkuzamau

Mau oyamba

Dziko la kwa Msakambewa, monga madera ambiri a Dowa ndi Ntchisi, ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo m'dziko lotere mau amayenda mtunda wautali usiku. Kubuma kwa amai pakhomo pamene pagwa zovuta kumamveka kutsidya kwa dambo wamthenga asanafike, ndipo nyimbo ya pa siwa imauza midzi yoyandikana kuti anamfedwa sali okha. Masiku ano pa mau amenewa paonjezeka mau ena, a chimkuzamau chopachikidwa pa mtengo, choyendera jenereta kapena batire. M'nkhani ino tifuna kuunika nyimbo ya pa maliro monga luso, kufunsa chimene chimaipatsa mphamvu yotonthoza, ndi kuona ngati mphamvuyo imatsala makina akalowa pakati. Maganizo athu ndi akuti mankhwala a nyimboyi ali m'kumvetserana kwa oimba, ndipo chilichonse chochotsa kumvetseranako chimailanda nyimbo ntchito yake, ngakhale chitaikometsa chotani.

1. Kamangidwe ka nyimbo ya pa siwa

Nyimbo zambiri za Achewa zili ndi mbali ziwiri: wotsogolera amaponya mau, gulu nkuvomera. Ovomera sangalowe asanamve pamene mnzao wathera, ndipo wotsogolerayo kawirikawiri amayamba mzere wina gulu lisanatsirize, kotero kuti mau amalukana ngati bango la mphasa. Palibe pepala, palibe woima kutsogolo nkumagwedeza dzanja. Chimene chimagwirizanitsa anthu makumi angapo mumdima ndi khutu basi.

Pa siwa kamangidwe kameneka kamagwira ntchito yoposa kukometsa. Amai amakhala m'nyumba pafupi ndi thupi, abambo ali panja pamoto, ndipo mai wodziwa kutsogolera amatchera khutu ku mbali ziwiri nthawi imodzi: ku gulu limene likumuvomera, ndi kwa namfedwa amene wakhala pambali pake. Akamva kuti kulira kwafika pobanika, amayambitsa nyimbo yapansipansi, yoyenda mwachifatse, ndipo amaibwereza kufikira mpweya wa wolirayo utayamba kuyenda pamodzi ndi wa oimba. Pakati pa usiku tulo tikayamba kugwetsa anthu, amasintha nkuponya nyimbo yofulumira yoombera m'manja, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule. Sasankha nyimbo poyang'ana m'ndandanda, amasankha poyang'ana anthu.

Chinthu china chimene ambiri sachiwerengera ndi kampata kamene kamatsala pakati pa nyimbo ndi inzake. M'kampata kameneka ndi m'mene namfedwa amatchula dzina la malemu, amafotokoza m'mene matenda anayambira, amafunsa mafunso amene palibe angawayankhe. Amai ena amangovomera ndi kubuula pang'ono, ndipo wotsogolera wanzeru sathamangira kutseka kampatako. Chete ameneyu ndi mbali ya nyimbo, monga momwe khomo liri mbali ya nyumba. Nthawi zambiri kukamayandikira mbandakucha, mau a namfedwa mwini amayamba kumveka pakati pa ovomera. Amene anachezerapo pa maliro amadziwa kuti apo ndiye munthu wayamba ulendo wobwerera pakati pa anzake.

Zimenezi ziri ndi umboni wa thupi. Woimba amatulutsa mpweya pang'onopang'ono kuposa wolankhula kapena wolira, ndipo kupuma kotere kumakhazika mtima pansi. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden anapeza kuti anthu akamaimba pamodzi, kugunda kwa mitima yao kumakwera ndi kutsika mogwirizana, chifukwa amapumira malo amodzimodzi. Amai a kumudzi sanadikire makina oyezera kuti adziwe zimenezi.

2. Phunziro la mbalule

Luso la kumvetsera limeneli silinayambe ndi nyimbo za m'tchalitchi. Tikudziwa kuti pakati pa mishoni ndi nyau panali mkangano wautali, umene Bambo Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden anaulemba mu 1972, ndipo pano sitifuna kuweruza nkhani ya chikhulupiriro. Tingoona kaimbidwe kokha. Pa bwalo la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ng'oma siziimbidwa mwachisawawa. Zimayamba zawambidwa pamoto ndi kumatidwa phula kufikira iliyonse itapeza liu lake. Mpanje ndi zinzake zimagwira maziko osasuntha, koma mbalule, ng'oma yotsogolera, imayenda ndi mapazi a wovina. Woimba mbalule maso ake amakhala pa miyendo ya chilombo, ndipo chikapalasa fumbi iye amayankha pomwepo. Amai oombera m'manja nawonso amamvera ng'oma ndi wovina pamodzi. Katswiri wa mbalule amadziwika ndi kufulumira kwake kuyankha, pamene wongomenya mwamphamvu amasokoneza gule.

Bambo Claude Boucher atakhazikitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, anatikumbutsa kuti sitingabatize chimene sitinachimvetse. Akhristu a ku Dowa ndi Ntchisi atayamba kuimba nyimbo za Mpingo pa maliro, anabwera nalo khutu lomweli, lophunzitsidwa ndi bwalo, mtondo ndi chimtali. Mau a nyimbo anasintha, koma mwambo wa kuponya ndi kuvomera unatsala, ndipo ndiwo wakhala ukusenza chitonthozo cha Uthenga Wabwino kufika nacho m'nyumba ya siwa.

3. Chimkuzamau

Tisachinamizire chimkuzamau. Pa mwambo wa maliro akulu, pamene mfumu, akubanja ndi wansembe alankhula kwa khamu la anthu, chimathandiza okalamba ndi okhala kutali kuti amve. Makina ojambulira mau atisungiranso chuma chambiri: nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo zina mwa izo zikanaiwalika. Vuto limayamba pamene chida chothandizira kulankhula chasanduka mwini wa usiku wonse.

Choyamba, maikolofoni amasankha mau. Amatenga a anthu atatu kapena anai a kwaya nkuwakweza pamwamba pa onse, ndipo agogo amene akhala akuvomera nyimbo zaka makumi asanu amaleka, chifukwa munthu amene sakumva liu lake sangaimbe. Pamene kale panali gulu limodzi, tsopano pali oimba ndi oonerera.

Chachiwiri, kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake zam'kati siimvera munthu. Ikayamba kugunda, imagunda chimodzimodzi mpaka wina ataizimitsa. Wotsogolera sangachedwetse nyimbo kuti adikire wolira, ndipo nyimbo zakale zimene zimatambasuka ndi mpweya wa oimba zimadulidwa kuti zikwane m'muyeso wa makina. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi mbalule: mbalule imatsata munthu, pamene munthu ayenera kutsata kiyibodi.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa, kwaya ikatopa amaika nyimbo zojambulidwa kale kuti pasakhale chete. Kampata kaja kamatsekeka. Namfedwa akalira, kulira kwake kumamizidwa, ndipo obwera kudzakhuza maliro amabwerera kwao osamva liu la munthu amene anadzampepesa. Nyimbo zojambulidwazo zingathe kukhala zokoma ndi za mau oona, koma woziimba sali pamenepo ndipo sakumdziwa malemu.

Chachinai, phokoso limagulidwa. Pamafunika ndalama zobwereka zipangizo ndi zogulira mafuta a jenereta, motero maliro a munthu wosauka amamveka motsika kuposa a wolemera, ndipo banja lina limalowa m'ngongole poopa kuti anthu anganene kuti silinamlemekeze mbale wao. Kale maliro ankalemera ndi kuchuluka kwa ovomera, chinthu chimene ngakhale mphawi akanatha kukhala nacho. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo apa chimene chikung'ambika ndi umodzi wa mudzi.

4. Kuunika ndi Malembo ndi chiphunzitso cha Mpingo

Buku la Yobe limasimba kuti abwenzi ake atatu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula, poona kukula kwa chisoni chake. M'masiku amenewo anali atonthozi enieni, ndipo kulakwa kwao kunayamba atatsekula pakamwa nkuleka kumumvera. Nayenso Davide ankatsitsimula Saulo ndi zeze mmodzi, ali naye m'chipinda chimodzi, pa nthawi imene mfumuyo inkavutika. M'nkhani zonse ziwirizi wotonthoza ali pafupi ndipo akumuona wovutikayo.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatikano, m'chikalata cha Liturujia cha 1963, pa ndime 119 unalamula kuti maimbidwe a makolo m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Pa ndime 30 chikalatacho chimatchula mayankho ndi nyimbo za anthu onse, ndipo m'ndime yomweyo chimafunanso kuti chete asungidwe pa nthawi yake. Ife tinalandira ndime 119 ndi manja awiri, nkulowetsa ng'oma ndi visekese m'tchalitchi, koma tinaganiza kuti maimbidwe a makolo ndi zida zokha. Mtima wa maimbidwewo ndi kuyankhana, ndipo kuyankhana kungathe kufa ng'oma ikulirabe.

Tikumbukirenso kuti mu sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe analimbikitsa miphakati kuti Mpingo ukhale pamene liu la mkhristu aliyense lingamveke. Palibe malo ena amene mphakati umaonekera bwino koposa pa siwa. Nkomvetsa chisoni kuti chimene tinamanga zaka zonsezi tichigumule usiku umodzi ndi waya ndi batire.

5. Zoyenera kuganizira abusa

Sitikupempha lamulo loletsa, pakuti malamulo otere amangobala kunong'ona. Wansembe ndi akuluampingo angathe kukambirana ndi mafumu ndi makwaya kuti chimkuzamau chigwire ntchito pa zolengeza, pa mawerengo ndi pa ulaliki, koma usiku wa pa siwa ubwezedwe kwa amai a mphakati. Opeka nyimbo afunsidwe nyimbo za maliro zokhala ndi kavomeredwe kafupi, ndipo muyeso wake ukhale uwu: kodi gogo wosadziwa kuwerenga angathe kulowa nyimboyo ikamabwerezedwa kachiwiri? Amai okalamba odziwa kutsogolera apatsidwe atsikana oti aziphunzira pambali pao, chifukwa luso limeneli silingalembedwe m'buku la nyimbo.

Kwa inu abale athu a m'seminale, amene mumaphunzira kulalika zaka zambiri, tikuti mukapita ku parishi pa chaka cha utumiki musamangofika pa maliro m'mawa nthawi ya Misa. Kachezereni usiku umodzi pamoto, osanyamula mau oti mukanene, ndipo mukamvetsere m'mene mai wotsogolera amadziwira nthawi yoyamba ndi nthawi yoleka. Nzeru yomweyo mudzaifuna m'kanyumba kolapira ndi pambali pa mphasa ya wodwala.

Mau otsiriza

Makolo anati maliro nkulirana. Mau amenewa afuna anthu awiri, wolira ndi womlirira, ndipo aliyense ayenera kumumva mnzake. Nyimbo ya pa siwa ndi luso lalikulu chifukwa inapeza njira yoti mudzi wonse ulankhule popanda kumtseka pakamwa wachisoni. Ngati m'maparishi athu a ku Dowa ndi Ntchisi titsitsako phokoso, tidzapeza kuti ovomera aja sanapite kulikonse, akungodikira mpata woti amvenso mau ao.