Kumudzi ndi Pamudzi: Maloto a Dziko Langwiro Pakati pa Matchona a ku Ruda

M'chaka cha 1516 Thomas More adatcha chilumba chake chopeka dzina loti Utopia, mawu ochokera ku Chigriki otanthauza malo amene kulibe. Chichewa nacho chili ndi mawu ogwira ntchito yomweyo. Ana a matchona ku Ruda, m'chigwa cha Honde, ngakhalenso m'makomboni a minda ya tiyi ya Tanganda ku Chipinge, amatchula mawu oti "kumudzi" mwaulemu waukulu. Ambiri mwa iwo adabadwira ku Zimbabwe ndipo ku Dedza kapena ku Mulanje sadapondeko, komabe m'maganizo mwawo kumudziko kuli munda, mtendere ndi ulemu.

Maloto amenewa tikuwapezanso m'zolembedwa zathu. M'buku la Nthondo, lomwe Samuel Josiah Ntara adatulutsa mu 1933, mpangankhani amapita ku Halale, n'kubwerera kwawo, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Ulendo umatha bwino chifukwa mwamuna wafika. Mwambi woti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ukuchitira umboni ganizo lomweli. Funso lomwe bukuli silifunsa ndi lakuti: nanga amene sadabwerere, makamaka amayi, moyo wabwino adaufunafuna kuti?

Erin McKenna, m'buku lake la 2001 lotchedwa The Task of Utopia, akusiyanitsa maloto a dziko lomalizidwa kale, limene anthu amangolidikira, ndi maloto amene ali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Potsatira John Dewey, iye akuti cholinga chabwino n'chomwe chimayesedwa, kukonzedwa ndi kusinthidwa anthu akaona zotsatira zake. Makolo adaneneratu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tikaonetsetsa, kusiyanaku kwagona pa phatikizo limodzi. "Ku-" amaloza kutali ndi woyankhula, pomwe "pa-" amaika munthu pamalo pamene waima. Bambo ankasunga ndalama za ulendo wa kumudzi. Mayi wothyola tiyi, mwana ali kumbuyo, ankasandutsa komboni kukhala pamudzi kudzera m'chipereganyu, m'mabungwe othandizana pa maliro, m'magulu a amayi a kutchalitchi ndi kumzikiti, komanso poyankhula Chichewa ndi ana pakati pa oyankhula Chimanyika ndi Chindau. Ntchito yotereyi ikufanana ndi ya Jane Addams, yemwe mu 1889 adatsegula Hull House pakati pa anthu obwera ku Chicago.

Mbiri idayesa maloto awiriwa. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudasiya antchito ambiri ochokera ku Malawi opanda ntchito ndi pokhala, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidachititsa kuti ochuluka ayesedwe alendo m'dziko lobadwira. Kumudzi kunali kutali, mwinanso kopanda wowadziwa. Chidawagwiriziza ndi ubale womwe udamangidwa pamalopo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo adazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC.

Komabe ganizo la McKenna lili ndi popelewera. Zitsanzo zake n'zochokera m'nthano za alembi a ku America monga Ursula Le Guin ndi Marge Piercy, ndipo limadalira anthu okhala ndi mawu pa zochitika za dziko lawo. Mayi wopanda chitupa, wokhala m'nyumba ya kampani, sangayese njira zambiri, pakuti ikalephera imodzi ana agona ndi njala. Tisakometsere umphawi poutcha luntha.

Ntchito yatsalira alembi a Chichewa ndi iyi: nkhani ya mwamuna wobwerera kumudzi tidailemba kalekale, koma ya mayi amene adatsala ku Ruda n'kumanga pamudzi ikudikirabe mlembi wake.