Za Mau a Olamulira: Kuyesa Nchito ya Pulofesa Kishindo

Inu aphunzitsi ndi akatekisiti a ku Nachisaka ndi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nchito yanu yonse iri ya pakamwa. Cifukwa cace nkoyenera mudziwe kuti alipo anthu ophunzira amene anatha zaka zao posanthula mau amene olamulira dziko alankhula nao kwa anthu. Mmodzi wa iwo ndiye Pulofesa Pascal Kishindo, amene anaphunzitsa za zinenero ku Chancellor College, ku Zomba, natsogoleranso Centre for Language Studies, bungwe limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1996 m'malo mwa Chichewa Board. Pano tifuna kuyesa nchito yace, tione cimene itipatsa ndi cimene itisiyira.

M'caka ca 1994 iye analemba za m'mene zinenero za mitundu yina zinapanikizidwira Cicewa citakwezedwa kukhala cinenero ca dziko lonse m'1968. M'2001 analemba za Chichewa Board ija, imene kuyambira 1972 kufikira 1995 inali kulamula mau oyenera ndi osayenera. Koma cimene citikhudza ife koposa ndico cimene anasindikiza m'2000 mu Nordic Journal of African Studies, m'mene analondola mbiri ya mau a ndale m'Cicewa, naonetsa kuti mauwo asinthika pamene ulamuliro usinthika. Tiyeni tiyese njira yaceyi ndi mau amene tonse tiwadziwa.

Loyamba ndilo ndale. Anyamata akamalimbana, wina apinga mnzace ndale, ndiko kumkola mwendo kuti agwe. Liu lomwelo ndilo tichula nalo nchito ya kuyendetsa dziko. Kodi mwana amene amva kuti uje walowa ndale ayembekeza ciani kwa iye? Liulo lamphunzitsa kale, mphunzitsi asanatsegule pakamwa, kuti nchitoyi iri ya kugwetsana.

Ena ndiwo nkhoswe ndi mbumba. Pa mwambo wa Acewa, mbumba ya mwamuna ndiyo alongo ace ndi ana ao, ndipo iye ndiye nkhoswe yao. Mwana wa mlongo akapalamula, nkhoswe iima pa bwalo, niyankha, nilipa. Ukwati ukagwedezeka, aitana iyo. Unkhoswe ndiwo katundu wosenza. Dr. Kamuzu Banda anaudziwa bwino mwambo uwu, pakuti anaufotokoza m'mau oyamba a buku la Our African Way of Life, limene anakonza pamodzi ndi T. Cullen Young m'1946. Atatenga dziko, anachedwa Nkhoswe ya akazi onse a m'Malawi, ndi akaziwo anachedwa mbumba yace, nabvina pa misonkhano yace. Ulemu wa liulo unapita nao ku nsanja. Koma cimene cinatsala kumudzi ndi ici, cakuti nkhoswe ya kumudzi ikalakwa, mbumba ikhoza kuidandaula kwa akuru. Nanga amene anakhala Pulezidenti wa moyo wace wonse kuyambira 1971, akadamdandaula kwa yani?

Pofika 1993, pamene anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda pa 14 June, kunabwera mau ena, monga matipate ndi demokalase. Awa ndi alendo, opanda mizu m'mudzi. Liu la kwathu likapotozedwa, nkhalamba ikhoza kutsutsa, niti, Sitinali kutero ife. Koma liu lacilendo liribe mboni. Wolankhula aliyense athiramo cimene afuna.

Apa ndipo pali ubwino wa nchito ya Kishindo. Itiphunzitsa kufunsa mafunso awiri pa liu liri lonse locokera ku nsanja: Kodi linali kutanthauza ciani lisanakwere pamenepo? Ndipo linali kumsenzetsa ciani mwini wace? Mwana wodziwa kufunsa cotero sanyengeka msanga ndi maina okoma.

Koma ciripo cimene nchito yotere siingathe kufikapo. Kusanthula mau limodzi limodzi kufanana ndi kuwerenga nsici za nyumba. Udziwa mitengo yace, koma sunaone mamangidwe. Luso la kukopa anthu likhala m'kalankhulidwe konse: amene ayamba kunena, amene atsiriza, pamene pagwa mwambi, ndi pamene wolankhula aleka dala kuti anthu abvomere. Sukulu yace yeniyeni ya luso ili ndiyo bwalo la mirandu. Pomwepo wodandaula anena, woyankha anena, nduna zifunsa, ndipo mfumu ilankhula potsiriza, itamva onse. Mkuru akati, Mlandu suola, waletsa ndeu ya lero popanda kukana mlandu wa munthu. Cimeneci simudzacipeza mwa kumasulira liu lakuti mlandu palokha, kapena lakuti kuola palokha. Ndipo amene sadziwa dongosolo ili la bwalo sangaone cimene cisowa pa msonkhano wa cipani, pamene mmodzi yekha alankhula, ena onse naomba m'manja.

Tsono mbali yotsalayi iri yanu, pakuti inu mukhala pafupi ndi mabwalo koposa anthu a ku Zomba. Citsanzo muli naco. Samuel Ntara anali mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma monga ambiri a inu. Iye anamvera akuru, nalemba mbiri ya mfumu Msyamboza ya m'dziko lomwe lino la Dowa, imene Cullen Young anaimasulira m'Cingerezi m'1949. Mukakhala pa bwalo, mfumu itakulolani, lembani m'mene akuru atsegulira mlandu, miyambi imene aponya, ndi cimene mwambi uli wonse unacita pa mlanduwo. Maina a eni mlandu muwasiye. Ndipo m'sukulu, pophunzitsa galamala, tengani liu limodzi lomveka pa wailesi sabata imeneyo, mutume ana akafunse agogo ao tanthauzo lace lakale, abwere nalo m'mawa.