Fisi wa m'buku

Masewera a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, amaseweredwa pa tebulo. Mmodzi amasimba nthano, anzake amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati nkhonya yalasa. Ndawerenga malamulo a 2014 okhudza zilombo, ndipo pena ndikuwayamikira. Fisi saphonya kawirikawiri mnzake akakhala pafupi. Ng'ona ikaluma imagwira osataya. Otunga madzi pa Zambezi angavomereze zimenezi.

Koma pa tsamba la fisi pali manambala okha. Moyo wake ndi 5, ukatha wafa, wopha n'kulandira mapointi. Za njala ndi mantha palibe. Fisi amene timam'dziwa kuno ku Chidzolomondo amabwera usiku kudzafuna mbuzi, ndipo akamva agalu kapena kuona moto amathawa. Mwana wozolowera kuti nyama iliyonse imaima nkhondo mpaka kufa adzathamangira kukhola yekha ndi nkhwangwa, osadzutsa akulu.

Inu osimba nthanozi, lolani fisi azithawa. Amene wapulumutsa mbuzi alandire mapointi ofanana ndi a wopha.