Za Mau Akuti Diagonal

Pakuyenda m'sukulu zina za ku Ndirande ndi ku Chilomoni tamva ana alikuloweza kuti diagonal ndiwo mzere wopendekeka. Kumasulira kumeneku ife sitikubvomereza, pakuti mau eni ake akutsutsa.

Angelezi analandira mau awa ku Chilatini, diagonalis, ndipo Aroma anawabwereka kwa Ahelene, amene ankati diagonios. M'menemo muli mau awiri: dia, ndiko kupyola, ndi gonia, ndiyo ngondya. Tsono diagonal ndiwo mzere wochoka pa ngondya ina, nupyola pakati, nufika pa ngondya yosayandikana nayo. Nsungwi yotsamira pa khoma iri yopendekeka, koma siiri diagonal ai. Chithunzi cha ngondya zitatu chiribe mzere wotere ngakhale umodzi, chinkana mbali zake zipendekeke chotani. Cha ngondya zinai chiri nayo iwiri, cha zisanu isanu. Mwana woloweza za kupendekeka adzagwa pomwepa, ndipo mlandu suli wake.

Gonia uja ali pa ubale ndi gonu, ndilo bondo m'Chihelene. Abale ake ndiwo genu wa Chilatini ndi knee wa Chingelezi, amene k wake alembedwabe ngakhale sanenedwanso. Pindani mwendo, inu owerenga, ndipo mudzaona ngondya imene anaiona akale. Aroma anali nao mau aoao, angulus, ndicho chifukwa chake Chingelezi chiti triangle monga Aroma, koma pentagon monga Ahelene. Ana akadandaula kuti chinenerochi sichiyenda njira imodzi, anena zoona.

Chimene chinatidabwitsa ndi ichi: Euclid, amene anaphunzitsa ku Alexandria monga zaka 300 Kristu asanabadwe, anautcha mzere uwu diametros, dzina limene lero liri la mzere wodula pakati pa chozungulira. Koma diagonios tiwapeza m'buku la Vitruvius, Mroma wolemba za mamangidwe a nyumba.

Ndipo amisiri ndiwo ausungabe. Womanga wa ku Bangwe, asanakumbe maziko, akhoma zikhomo zinai, nalinganiza mbali zopenyana, nakoka chingwe kuchokera pa ngondya ina kufikira pa inzake ya tsidya, nateronso pa ziwiri zotsalazo. Miyeso iwiriyo ikalingana, ngondya zonse zaongoka. Ikasiyana, azula chikhomo nachisuntha, njerwa isanaikidwe ndi imodzi yomwe.