Ambulera ya Shaw ndi Mutu wa Chesterton

Kabuku kotchedwa Do We Agree?, kamene kadasindikizidwa mu 1928, nkakang'ono ndithu. Munthu angathe kukaŵerenga konse pakati pa chakudya cha masana ndi mapemphero a madzulo. M'kabukumo muli mtsutso umene udachitikira ku Kingsway Hall, mumzinda wa London, m'chaka cha 1927. Mbali ina kudali George Bernard Shaw, mlembi wa maseŵero ndi mmodzi mwa akuluakulu a Fabian Society, amene ankafuna kuti boma litenge nthaka, migodi ndi mafakitale, ndi kumapatsa anthu onse malipiro ofanana. Mbali inayo kudali G. K. Chesterton, amene adaloŵa mu Eklezia Katolika mu 1922, mtetezi wa banja, mwambo ndi kamunda ka munthu wamba. Wapampando adali Hilaire Belloc. Zilonda za sitalaka yaikulu ya 1926, imene idabuka chifukwa cha mkangano wa m'migodi ya malasha, zidali zisanapole m'dziko la Britain.

Tisaganize kuti Chesterton ankaikira kumbuyo anthu olemera. Aŵiriwo ankanyansidwa mofanana poona chuma cha dziko chili m'manja mwa anthu oŵerengeka. Adasiyana pa mankhwala ake: Shaw ankati eni chuma athe, boma likhale msungi, Chesterton ankati eni chuma achuluke, banja lililonse likhale ndi pake.

Pachimake pa mtsutsowo padali ambulera. Shaw adanena kuti ngakhale ambulera ikhale yake, lamulo silimlola kumenya nayo mnzake pamutu. Nanga bwanji mwini nthaka aloledwa kuthamangitsa anthu pamalo pake mmene afunira? Chesterton adayankha kuti choletsa Shaw kumenya si kusoŵa umwini wa ambulerayo, koma kuti mutu womenyedwawo si wake. Yankholi nloseketsa, koma muli nzeru zakuya. Thomas Aquinas Woyera, mu Summa Theologiae (II-II, funso 66), amasiyanitsa mphamvu yosamala ndi kuyendetsa zinthu, imene munthu angakhale nayo payekha, ndi kagwiritsidwe ka zinthuzo, kamene kayenera kukumbukira osoŵa. Papa Leo XIII adatsata njira yomweyo mu Rerum Novarum mu 1891. Kuika malire pa umwini nkosiyana ndi kuthetsa umwiniwo, ndipo Shaw adalumpha kuchoka pa choyambacho kufika pa chachiŵiricho ngati palibe mtsinje pakati.

Komabe, pa nkhani ya malasha Shaw adalasa bwino. Mgodi sungagaŵidwe timagawo monga munda wa mbatata. Chesterton adavomera pamaso pa anthu kuti migodi ingathe kukhala m'manja mwa boma. Kwa ine, apa ndi pamene pali ulemu weniweni wa kabukuka, kuposa nthabwala zonse ndi kutamandana konse. Kutchula mdani wako "bwenzi langa" nkosavuta; kumpatsa mfundo imene ifooketsa mbali yako, omvera ali chete kudikira, kumafuna mtima wina. (Aseminale athu okonda mitsutso ya Loŵeruka aŵerenge masamba ameneŵa kaŵiri.)

Cholakwa cha kabukuka nchakuti luso la kulankhula lidathandiza aŵiriwo kuzemba mafunso oŵaŵa. Ngati migodi ili yapadera, nanga njanji, magetsi ndi mafakitale a zitsulo? Chesterton sadatiuze kuti zapaderazo zithera pati. Shaw nayenso sadafotokoze amene adzadzudzule boma likadzakhala mwini nthaka, wolemba ntchito ndi woweruza nthaŵi imodzi. Kuti iye adapita ku Moscow mu 1931, nakumana ndi Stalin, nabwerako akuyamikira, kukutionetsa kuti funsolo silidamsoŵetse tulo.

Palinso munthu wina amene sadamveke usiku umenewo: wokumba malasha mwiniwake. Alembi aŵiri otchuka adakambirana za tsogolo lake mwaulemu ndi mwanthabwala, iye ali kunja kwa bwalo, atabwerera kuntchito pa malipiro otsika ndi maola ochuluka. Belloc, atapemphedwa kumanga mfundo, adakana kugamula wopambana. Migodiyo boma la Clement Attlee lidaitenga mu 1947. Boma lina lidaigulitsanso mu 1994. Ndipo mgodi wakuya wotsiriza, wa Kellingley, udatsekedwa mu Disembala 2015.