Za Kufatsa pa Ulendo

Masiku ano azungu ambiri akuyamika mudzi wa Luang Prabang, m'dziko la Laos ku Asia, nati munthu wolema apite kumeneko akaphunzire kufatsa. Mudziwo uli pa mathiriro a mitsinje iwiri, Mekong ndi Nam Khan. Unali mudzi wa mafumu kufikira chaka cha 1975, ndipo mu 1995 bungwe la UNESCO linaulemba pakati pa malo oyenera kusungidwa. Muli akachisi a chipembedzo cha Buddha oposa 30. M'bandakucha amonke ovala nsalu zachikasu atuluka m'ndandanda, osavala nsapato, mbale zili m'manja, ndipo eni mudzi agwada pambali pa njira nawapatsa mpunga mwakachetechete.

Tsono, abale, tiyese chiyamiko chimenechi. Choona chilimo, pakuti munthu wothamanga saona kanthu; makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu oyamikawo asokera pa chinthu chachikulu. Ayesa kuti bata ndi malonda, akuti munthu agule ndi ndalama za ndege. Bata la amonke aja lichokera ku mwambo wouma: kudzuka usiku, kudya zopatsidwa, ndi kusadyanso dzuwa likapendeka. Mlendo alakalaka chipatso osafuna kulima. Ena afika pounjirira amonkewo ndi makamera, nasandutsa kupembedza kwa eni ake chionetsero, kotero kuti akulu a mudziwo anaika malamulo akuwaletsa.

Nanga ife a ku Machinga ndi ku Balaka tili bwanji? Njanje inapyola pa Balaka kunka ku Salima mu 1935, ina inaoloka Shire pa Liwonde kunka ku Nayuchi mu 1970, ndipo maminibasi achita kulimbirana okwera. Zonsezi n'zothandiza, sitizinyoza. Koma taonani m'mene tiolokera pa Kamuzu Barrage, chitseko cha madzi chomangidwa mu 1965: maso ali pa foni, mvuu zili m'madzi, phiri la Chinguni lili apo, ife osacheuka. Alendo a kutali alipira ndalama kudzaona njovu m'nkhalango ya Liwonde, ife eni dziko tingopyola ngati othawa nkhondo.

Makolo athu sanatero. Wa paulendo ankaima pabwalo, naodira, napempha madzi, nafotokoza malonje; dzuwa likalowa ankagona kwa mfumu, nachoka m'mawa atapeza abale atsopano. Ngakhale lero anansi athu Asilamu, amene ali ambiri m'Machinga, aleka malonda ao kasanu pa tsiku kuti apemphere. Kodi ife Akhristu, amene tinapatsidwa tsiku lathunthu lakupumula, sitichita manyazi polisandutsa tsiku lothamangira basi?

Sitinena kuti mpumulo wa Buddha ndi wa Khristu ndi umodzi ai. Iwo afuna kuzima zilakolako mwa kudziletsa. Ife tipumula chifukwa tikhulupirira kuti Mulungu asunga dziko ngakhale manja athu ali chete. Koma ngati anthu osawerenga Buku lathu adziwa kuima, koposa kotani ife?

Chifukwa chake, pokonza ulendo wa ku msonkhano wa mpingo kapena kukaona abale, tinyamuke nthawi ikalipo. Tipatse moni wokhala naye pampando. Tipatukire kwa wodwala wa m'njira, ndipo La Mulungu likatipeza kwa eni, tilowe m'kachisi wao tipembedze nao. Ulendo wotere suwonjeza mtengo wa tikiti, ndipo aufika mtima uli m'malo.